Manda Asanu a ku Cape Maclear

Mwezi wa November ife Akatolika timalambula manda a abale athu ndi kupempherera mizimu yawo. Koma alipo manda ena, a Akhristu a mpingo wa Presbyterian, amene ambirife timangowapitirira pothamangira kukasamba m'nyanja. Mandawa ali ku Cape Maclear, m'boma la Mangochi, pamene amishoni a Free Church of Scotland adakocheza sitima yawo ya Ilala mu October 1875, nayambitsa mishoni ya Livingstonia.

Pamalopa pagona anthu asanu. Dr William Black adatsikira kulichete mu 1877, asanathe ndi chaka chomwe ali pantchito. John Gunn ndi George Benzie adamtsatira mu 1880. Mu 1881 amishoniwo adasamukira ku Bandawe, atabatiza munthu mmodzi yekha, Albert Namalambe.

Chiyambire pamenepo, ofotokoza mbiriyi amakonda kuiwerengera pa zala: manda asanu, wobatizidwa mmodzi. Chiwerengerocho nchoona, komabe ife sitikhutira nacho, pakuti ndi kawerengedwe ka wamalonda amene akuona ngati wapindula kapena waluza. Chimaiwala ana amene adaphunzira kuwerenga pasukulu ya pamenepo. Chimaiwalanso kuti mmodzi ujayo, Namalambe, ndiye adatsala akusunga malowo ndi kuphunzitsa azungu atachoka. Ndipo Akatolikafe tisafulumire kupukusa mutu. Ansembe athu a White Fathers adafika kwa Mponda mu 1889, m'boma lomweli, nachokako mu 1891 opanda mpingo wousiya m'mbuyo. Mishoni za Nzama ndi Mua zidadza pambuyo pake, mu 1901 ndi 1902. Kodi zaka za kwa Mponda timazitcha zotayika?

Chimene chimatiwawa koposa ndi dzina limene anthu amawapatsa mandawa, lakuti "manda a azungu". Mmodzi mwa asanuwo sadali mzungu ai. Shadrach Ngunana adali Mxhosa wophunzira ku sukulu ya Lovedale ku South Africa, ndipo adadza kuno mu 1876 pamodzi ndi William Koyi ndi anzawo ena awiri. Adaphunzitsa ana pasukulupo kufikira chifuwa chidamgonjetsa mu 1877. Koyi amakumbukika ndithu, chifukwa cha ntchito yake pakati pa Angoni a kumpoto. Ngunana sadakhale nthawi yokwanira kuti mbiri yake imveke.

Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatiphunzitsa mu 1964 kuti obatizidwa a mipingo ina ndi abale athu mwa Ambuye. Makolo amene mudzapite ndi ana kunyanjako, mandawo sali kutali ndi gombe, ndipo pemphero limene timanenera akufa athu silitenga ndi mphindi ziwiri zomwe. Ngunana adaikidwa kutali ndi kwawo, kumene abale ake sakadatha kudzalambula pamanda pake.