Mwini Dziko Waima Pati pa Chithunzi?

Wojambula tsiku limene alendo anakumana ndi eni nthaka amakhala ataweruza kale mlandu asanaviike burashi mu utoto. Amaweruza posankha woima patsogolo, wokula thupi ndi wooneka nkhope.

Wojambula Thomas Baines anafika pa mathithi a Mosi-oa-Tunya mu 1862, patapita zaka 7 Akololo a mfumu Sekeletu atamufikitsa David Livingstone pamalopo pa bwato. Zithunzi za Baines zinasindikizidwa ku London mu 1865. Akuluakulu amati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo pa nkhani ya madzi kalumo ka Baines n'kakuthwadi. Nthunzi amaipaka mopyapyala moti thanthwe lakuda limaonekera kuseri kwake, utawaleza n'kudutsa pamwamba. Pa chithunzi china njati zapanikizidwa m'mphepete mwa phompho, ndipo diso la woona limatsetsereka nazo.

Nanga anthu? Pa zithunzi zambiri, akapezekapo ndi timadontho, ntchito yawo n'kungosonyeza kuya kwa phompho. Aleya a kwa Mukuni, amene ankathira nsembe pafupi ndi mathithiwo kalekale, asanduka muyezo. Woona ku London akanatha kuganiza kuti dzikoli lilibe mwini.

Ku New Zealand zinayenda mwina. Mu 1769 sitima ya James Cook, Endeavour, inali ndi Tupaia, wansembe komanso katswiri wa ulendo wa panyanja wochokera ku Ra'iatea. Iyeyu anajambula Mmaori atavala chofunda chake akupereka nkhanu yaikulu yofiira kwa Joseph Banks, mmodzi wa alendo a m'sitimayo, Banksyo akutambasula kansalu koyera. Dzanja la Tupaia silinaphunzire za mithunzi ngati la Baines, miyendo ya anthuwo ndi youma gwa. Koma awiriwo ndi amsinkhu umodzi, ayang'anizana, ndipo pakati penipeni pa pepala pali malonda. Aliyense wagwiritsitsa chake mpaka mnzake atasiya. Palibe phiri kapena nyanja yowachepetsa.

Baines anaposa pa utoto, Tupaia pa kuika anthu m'malo mwawo, ndipo luso lachiwirili ndilo losowa. Ojambula a mu mzinda wa Livingstone amene amagulitsa ntchito zawo kwa alendo ku Mukuni Park madzi amawatha kale. Chowayesa tsopano ndi bwato la mu November 1855: wopalasa wa kutsogolo akhale ndi nkhope, mapewa ake adzaze chinsalu, Livingstone akhale pamene anakhaladi, pampando wa wonyamulidwa.