Tinaombera m'manja mwana, tinaiwala kufunsa za chimanga

Lachiwiri usiku magetsi atathima ndinagona pamkeka n'kuoneranso pafoni filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind. Itangotuluka pa Netflix mu 2019, ambiri tinathera nthawi kuseka Chichewa cha Chiwetel Ejiofor ndi Maxwell Simba, mnyamata wa ku Kenya amene anasewera ngati William Kamkwamba. Inenso ndinaseka nawo, sindikana. Koma ulendo uno lilime lawo silinandivute. Chinandivuta ndi malo amene filimuyi imafuna kuti ndiikepo maso.

Nkhani mukuidziwa. Ku Wimbe, m'boma la Kasungu, njala ya 2001 mpaka 2002 yafika pakhosi. William wachotsedwa kusekondale chifukwa chosowa fizi. Akuzembera m'laibulale, akutola zitsulo zotayidwa, kenako akupanga makina oyendera mphepo ndi njinga ya bambo ake. Madzi akutuluka m'chitsime, munda ukubiriwira, nyimbo ikukwera, ife misozi mbwee. Ndi nkhani yokoma, ndipo Kamkwamba ndi munthu woyenera ulemu wake wonse.

Komatu pamenepa filimu yakonza mbiri kuti itikomere. M'buku limene Kamkwamba analemba ndi Bryan Mealer mu 2009, makina oyamba aja anayatsa mababu ndi wailesi kunyumba kwawo. Zopopa madzi zinabwera patapita zaka, dziko litamudziwa kale. Njala ija sinathetsedwe ndi mphepo. Ena inawatenga, ena anapulumuka podya gaga ndi mizu ya kutchire mpaka kukolola. Mayi anga akamakamba za chaka chimenecho satchula nzeru za munthu aliyense. Amatchula mzere wa chimanga umene ankaimapo kuyambira m'bandakucha, n'kubwerera ndi thumba lopanda kanthu.

Chigawo chimene ndimachiona kuti ndicho mtima wa filimuyi n'chachifupi. Mfumu ya m'deralo ikuima pamsonkhano wa pulezidenti, n'kunena pamaso pa khamu kuti anthu ali ndi njala ndipo boma lichitepo kanthu. Akuitsitsa pansanja n'kukaimenya. Pamenepo ndi pomwe munthu wafunsa funso loyenera kwa munthu woyenera. Ejiofor anachita bwino kusachotsa chigawochi, koma akangochidutsa, kamera ikubwerera kwa mnyamata ndi dayinamo yake, funso lija n'kutsala pansi pomwe mfumu inagwera.

Funsolo ndi ili: chimanga chinapita kuti? Dziko lathu linali ndi nkhokwe za chimanga chosungira nthawi ya mavuto, pansi pa bungwe la National Food Reserve Agency lomwe linakhazikitsidwa mu 1999. M'nkhokwezo munali matani oposa 160,000, ndipo pofika nthawi ya njala pafupifupi chonse chinali chitagulitsidwa. Boma la a Bakili Muluzi linaloza chala bungwe la IMF kuti ndilo linalangiza zogulitsa. A IMF anati iwo analangiza kuchepetsa chabe pofuna kubweza ngongole, osati kusesa nkhokwe yonse. Pa nthawi yomweyo maiko ena otithandiza anali ataimitsa ndalama zawo podandaula za katangale ndi kayendetsedwe ka boma. Boma linachedwa kuvomera kuti kuli njala, mpaka linadzalengeza za tsokalo mu February 2002, anthu atayamba kale kufa.

Taonani mmene zinthu zakunja ndi zapakhomo zimalukirana. Zimene anthu ovala masuti anagwirizana ku Washington ndi ku Lilongwe zinakathera pa mbale ya mwana wa ku Wimbe. Boma likafunsidwa limati ndi azungu. Azungu akafunsidwa amati ndi boma lanu. Wakumudzi alibe ofesi yokagogoda kuti amve zoona zake. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo m'nkhani iyi makoswe anali awiri, aliyense pamkhate wake.

Mwina wina anena kuti filimu si lipoti la komishoni, kuti wojambula ali ndi ufulu wosankha nkhani yake. N'zoona. Koma kusankha kuli ndi zotsatira zake. Woonera wa ku London amachoka ndi phunziro loti mwana wa ku Africa akalimbikira amapambana. Ife a kuno tikatengera phunziro lomwelo, tadzipweteka tokha. Timayamba kuganiza kuti kukhala mumdima ndi mwayi woonetsa luso, kuti kusowa fizi ndi chiyambi cha nkhani yokoma. William anafunafuna magetsi kudzala chifukwa mudzi wake unalibe magetsi. Anaphunzira yekha chifukwa sukulu inamutsekera chitseko. Anzake amene anachotsedwa naye limodzi, opanda dayinamo, opanda buku, palibe anawajambula.

Mpaka lero chizolowezicho tili nacho. Mnyamata akapanga chinthu ndi zitsulo zakale, timagawana chithunzi chake pa Facebook, akuluakulu amabwera kudzajambulitsa naye, basi nkhani yatha. Za ngongole zimene boma likusainira m'dzina lathu, ndi zimene lalonjeza obwereketsawo kuti lidula, sitifunsa. Timadzadabwa tsiku lomwe tauzidwa kuchipatala kuti tikagule tokha mankhwala.

Ndiye filimuyi muionere, ndi yabwino ndithu, ndipo Lily Banda wathu anasewera mogwira mtima. Koma mukafika pamene mfumu ikuimirira pamsonkhano paja, imitsani kaye. Bwezerani m'mbuyo, mumverenso. Ine ndinabwereza katatu, batire ya foni n'kutha magetsi asanayake.