Thupi Limodzi, Maina Ambiri: Kuunika Mabuku Aŵiri a Eli Clare

Wansembe aliyense amene adakhalapo pambali pa wodwala amadziŵa kuti za munthu wogona pamphasa zimakambidwa ndi ambiri, koma mwiniwakeyo safunsidwa kaŵirikaŵiri. Dokotala amamtchula ndi dzina la nthenda yake, abale amakambirana za iye ngati palibe, ndipo ife obwera kudzapemphera timafika titadziŵa kale chimene tikampemphere. Mabuku aŵiri amene tikuŵaunika pano, Exile and Pride la mu 1999 ndi Brilliant Imperfection la mu 2017, adalembedwa ndi munthu amene adatopa nako kupatsidwa maina ndi ena, nafuna kunena yekha kuti iye ndani.

Eli Clare adabadwa mu 1963, nakulira ku Port Orford, kamzinda ka asodzi ndi odula mitengo m'mbali mwa nyanja ya Pacific, m'chigawo cha Oregon ku United States. Ali ndi chilema chotchedwa cerebral palsy, chimene chimadza ubongo wa mwana ukavulala asanabadwe, pobadwa kapena akali wakhanda. Manja ake amanjenjemera ndipo mau amatuluka movutikira. Adaleredwa ngati mtsikana, koma akuti kuyambira ubwana sankadzimva kuti ndi mtsikana, ngakhalenso mnyamata. Atakula adayamba kudzitchula ndi liwu la Chingerezi lakuti genderqueer, lofanana ndi lina lofala masiku ano lakuti nonbinary, kutanthauza munthu amene sadziŵerengera kwathunthu pakati pa amuna kapena pakati pa akazi. Olemba za iye m'Chingerezi amayenera kusankha kaye pakati pa mau oloza mwamuna ndi oloza mkazi. Ife liwu lathu lakuti "iye" silitikakamiza kuŵeruza nkhaniyi tisanaimve.

Buku loyamba likuyamba ndi ulendo wa paphiri. Clare ndi mnzake adafuna kukwera Mount Adams ku New Hampshire, phiri lotalika mamita oposa 1,700, koma miyala itachuluka, miyendo yake yosakhazikika idamkaniza, ndipo adabwerera asanafike pamwamba. Chimene chidamuŵaŵa koposa sichinali kulephera, koma kuzindikira kuti nayenso adameza chiphunzitso chakuti wolumala woyenera ulemu ndi yekhayo amene wagonjetsa chilema chake nadabwitsa anthu. Mutu umenewu ndiwo wolembedwa bwino koposa m'buku lonse, chifukwa mlembi akudziimba mlandu yekha asanaimbe ena, ndipo zimenezi zimapatsa mŵerengi mtima womkhulupirira pa nkhani zovuta zimene zikutsatira.

Nkhani yovuta koposa ndi yakuti kuulula za m'kati mwako kumalemera mosiyana ngati uli wolumala. Clare akuwonetsa kuti anthu ambiri amawona wolumala ngati mwana wosakula, amene si mwamuna weniweni kapena mkazi weniweni, wosayenera kufunsiridwa mbeta kapena kufunsira. Tsono munthu wotere akanena kuti sadzimva mwamuna kapena mkazi, omumva amaganiza kuti chilema ndicho chamsokoneza, kapena kuti wangovomera manyazi amene ena adamuveka. Pamwamba pa izo, amene amadalira achibale kuti amsambitse, amdyetse kapena amtengere kuchipatala, akaulula chinthu chimene iwo sachifuna amaika pachiswe chithandizo chimene moyo wake wadalirapo.

Mantha ameneŵa ali ndi mbiri yake. Mu 1966, akali wamng'ono, Clare adapimidwa ku Fairview, malo osungirako anthu olumala mumzinda wa Salem, ndipo kumeneko adamlemba kuti ndi wopereŵera nzeru. Iye adabwerera kwao, koma ambiri amene adaloŵa m'malo amenewo adakhalamo zaka zochuluka, ena naŵatseka kubereka motsata malamulo a boma. Fairview adatsekedwa mu 2000, ndipo mu 2002 bwanamkubwa wa Oregon adapepesa poyera chifukwa cha anthu oposa 2,600 amene adachitidwa zimenezi m'chigawo chonsecho. Munthu wodziŵa mbiri yotere sangakhulupirire msanga dzina lililonse lochokera m'kaundula wa chipatala.

Buku lachiŵiri likulimbana ndi nkhani ya kuchiritsa. Clare akunena kuti ngakhale patapezeka mankhwala ochotsa chilema chake sangamwe, popeza sanakhalepo ndi thupi lina limene angabwezeredweko, ndipo sadziŵa kuti akadakhala yani popanda manja onjenjemerawo. Komabe sakunyoza odwala khansa kapena omva ululu usana ndi usiku, amene amalakalaka kuchira ndi mtima wonse. Akufanizira kuchiritsa ndi ntchito yobwezeretsa udzu wachilengedwe pamunda umene udalimidwa chimanga zaka zambiri: ntchitoyo ndi yabwino, koma sibweza zonse zimene zidatayika.

Apa mpamene pali mfundo yaikulu ya mabuku onse aŵiri. Munthu yemweyo amene akukana kukonzedwa manja adapita kwa dokotala kukachotsa maŵere, kuti chifuŵa chake chigwirizane ndi mmene amadzimvera. Clare sakubisa kuti ziŵirizi zikuwombana. Akudziŵanso kuti ku America ofuna chithandizo chotere akhala akuyenera kuyamba alembedwa dzina la vuto la m'maganizo, limene lidaloŵa m'buku la madokotala a zamaganizo mu 1980 nkusinthidwa mu 2013. Iye akutsutsa anzake amene, pofuna ulemu, amafuula kuti iwo si odwala, ngati kuti kudwala nkochotsa ulemu. Akutsutsanso amene amati adabadwa ndi chilema chofunika kukonza, ngati kuti chilema chilichonse nchochititsa manyazi. Wokhala m'magulu onse aŵiri ndiye amatha kuwona mmene gulu lina limadzitsukira podetsa linzake.

Tsono tinenenso pamene mabukuŵa akupereŵera. Lachiŵirili lidalembedwa m'tizidutswa: pano chikumbutso, apo mbiri, apo kalata yopita kwa akufa. Kalembedwe kameneka kamakoma, koma kamalolanso mlembi kuchoka pa funso pamene lafika pothina. Pomaliza woŵeruza amene watsala ndi mtima wa mwini thupi: chimene ndikumva kuti ndine, ndicho ndili. Koma Clare yemweyo waphunzitsa mŵerengi, ndi nkhani ya paphiri ija, kuti zofuna za mtima nazonso zimaumbidwa ndi manyazi, ndi maso a anthu ndiponso ndi malonda a zipatala. Nanga munthu angasiyanitse bwanji chilakolako chomasula ndi chilakolako chobadwa m'mabala? Mlembi akulidziŵa funsoli, ndipo akuvomera kuti sangalithetse. Tikumlemekeza chifukwa cha kuwona mtima kumeneku, koma funso likadali chilili. Chinanso nchakuti mau ake okayikira kuchiritsa adabadwira m'dziko la zipatala zambiri. Ngakhale iye akuvomereza kuti osauka ambiri safika nkomwe kwa dokotala, mauwo amamveka mwina kwa mai amene mwana wake akugwa khunyu mankhwala atatha.

Eklezia ali ndi chiphunzitso chake pa nkhaniyi, ndipo sichigwirizana ndi Clare. Chikalata cha ku Vatican chotchedwa Dignitas Infinita, cha mu April 2024, chikuphunzitsa kuti thupi ndi mphatso yoyenera kulandiridwa, chikukana maganizo ofafaniza kusiyana kwa mwamuna ndi mkazi, ndipo chikuchenjeza za maopaleshoni osinthira thupi. Koma chikalata chomwecho chikudzudzulanso kutaya kunja anthu olumala, nkunenetsa kuti ulemu wa munthu sudalira mphamvu kapena ungwiro wa thupi lake. Nchodabwitsa kuti pa za chilema chake Clare akuyandikira kwambiri maganizo ameneŵa, pakuti akulandira thupi lonjenjemeralo monga lake, osalichitira manyazi. Iye ndi Eklezia akupatukana pa funso lakuti kulandirako kumalekezera pati. Mkangano wakewo ngwoona ndipo sitiyenera kuuchepetsa, koma ndi mkangano wa anthu amene onse akuŵerengera thupi ngati chinthu chachikulu.

Chifukwa chake tikuŵalimbikitsa aseminale achikulire ndi ansembe ogwira ntchito m'zipatala kuti aŵerenge mabukuŵa, makamaka lachiŵiri, ndi maso otsekuka. Si mabuku a chiphunzitso, ndipo m'malo ena akukamba za nkhanza ndi za thupi mosapsatira. Koma pa mutu 9 wa Uthenga wa Yohane tikumbuka kuti ophunzira ataona munthu wobadwa wakhungu adayamba nkufunsa za tchimo, Afarisi naitana makolo ake kuti amlankhulire, pamene mwiniwake anali wamkulu wotha kudziyankhira. Tsiku lina munthu wa pa njinga ya olumala adzapempha kulankhula nanu padera, nadzakuuzani chinthu chimene sanauzepo ngakhale omsamalira. Mudzayenera kumuuza zoona monga Eklezia amaphunzitsira, koma muyambe mwamumva mpaka atamaliza, ngakhale mau ake atuluke pang'onopang'ono.