Mabala Ovinika: Luso la Lucius Banda

Amene ankakwera minibasi pakati pa Limbe ndi Blantyre m'zaka za m'ma 1990 akukumbukira zimene zinkachitika dalaivala akalowetsa kaseti ya Lucius Banda. Mkangano wa chenji unkayamba kuzilala. Mayi wofungatira dengu la matemba ankagwedeza mutu, bambo wa tayi kumpando wakumbuyo n'kumagogoda chala pabondo. Thupi linkatsatira ng'oma, khutu lili tcheru kumawu. Kugwira zonse ziwirizi nthawi imodzi ndilo linali luso lalikulu la mwana wa ku Balaka ameneyu, yemwe anabadwa mu 1970 n'kutisiya pa 30 June 2024 ku South Africa.

Mphini yake yoyamba anatemera ku tchalitchi. Akadali mnyamata analowa Alleluya Band, gulu lomwe linaphukira pa mpingo wa Katolika ku Balaka motsogozedwa ndi mkulu wake Paul Banda. Ukamvetsera bwino nyimbo za Lucius, kwaya imamveka pansi pake. Iye amatsogolera, oimba akumbuyo n'kuvomera, monga zimakhalira pa Misa kapena pa maliro kumudzi. Kiyibodi imayala mphasa, gitala ya besi imayenda mosapupuluma, ndipo mawu ake okhuthala amakhala pamwamba, osamizidwa ndi zida. Anthu anadzautcha mtundu wa maimbidwe umenewu rege ya ku Balaka: kugunda kwake n'kochokera ku Jamaica, koma mtima wake ndi wa nyimbo zathu zopolokozana.

Chimbale chake choyamba, Son of a Poor Man, chomwe anajambulira ku South Africa, chinafika pa nthawi yake. Dziko linali likutuluka mu ulamuliro wa chipani chimodzi, anthu ali ndi zambiri kukhosi koma milomo idakali yolemera. Nyimbo ya Mabala inawatsegula pakamwa. Taonani mmene anasankhira liwu limenelo. Akanatha kunena za ufulu wachibadwidwe kapena demokalase, mawu a m'misonkhano ya kuhotela. Iye anatenga bala, chinthu chimene aliyense amachidziwa: chimapweteka, chimachedwa kupola, ndipo chikapola chimasiya chipsera. Agogo osapita kusukulu anamva, mphunzitsi wa ku Chancellor College nayenso anamva.

Kapekedwe kake kanali kotero nthawi zambiri. Ankayamba ndi munthu mmodzi amene ungamuone ndi maso, kaya mwana wamasiye wolandidwa katundu, mkazi wozunzika pabanja, kapena mlimi wogulitsa mbewu pamtengo wolira. Akakukhazika pafupi ndi munthuyo, m'pamene ankatambasula nkhani kufikira kwa olamula. Kolasi yake inkakhala yaifupi, yoti pofika kachiwiri umakhala ukuimba nawo. Mitu ya zimbale inkakhala ya Chingerezi, monga Down Babylon, Cease Fire ndi Take Over, koma nkhani ikafika poluma ankaiimba m'Chichewa cha pamsika, chothira miyambi ndi mafanizo a m'Baibulo. Dzina lakuti Soldier linamukhala chifukwa amphawi ankamuona ngati msilikali wawo.

Mu 1997 anayambitsa Zembani Band, yomwe inasanduka sukulu ya oimba ambiri, ndipo mayina ngati Billy Kaunda ndi Mlaka Maliro anakula ndi dzanja lake. Pambuyo pake anadzayambitsa Sand Music Festival m'mbali mwa nyanja. Woimba amene amasula anzake amasiya chuma choposa zimbale.

Komabe pali mfundo imene wokonda nyimbo zake sayenera kuizemba. Mu 2004 anakhala phungu wa Balaka North pansi pa chipani cha UDF. Kuyambira pamenepo omvera anayamba kufunsa ngati akudzudzula monga Soldier kapena monga wachipani. Kwa ine, nyimbo zake zonyamula mtundu wa chipani ndizo zinafulumira kukalamba, chifukwa zinkauza munthu chochita m'malo momuonetsa bala lake. Panalinso nthawi zina pamene uthenga unkachuluka mpaka nyimbo n'kusanduka ulaliki wautali, zida zikungobwereza zomwezo. Koma moyo ukamufinya, luso linkabwerera ndi mphamvu. Atakhala kundende ya Zomba mu 2006, anatuluka ndi Cell 51 Maximum, chimbale cha munthu amene wagonapo pansi pa simenti pamodzi ndi anthu omwe kale ankangowaimbira. Ngakhale pamene wailesi ya boma inasiya kuulutsa nyimbo zake, m'mabala, m'magolosale ndi m'maminibasi zinkalirabe.

Oimba achinyamata a lero ali ndi makompyuta ndi masitudiyo amene Lucius wa ku Alleluya sakanawalota. Zimene ndikuwapempha n'zakuti amvetsere mmene iye ankamverera anthu. Asanalembe mzere, ankadziwa mtengo wa feteleza, kulira kwa namfedwa ndi nthabwala za pa depoti. N'chifukwa chake mayi wa dengu la matemba uja ankagwedeza mutu: ankamva nkhani ya kunyumba kwake ikuimbidwa ndi munthu amene sanakumanepo naye.