Mawu Atatu Osayenera Kusokonezedwa: Kuloŵa, Kukhoza ndi Kutsiriza

Zotsatira za mayeso a Sitandade 8 zikatuluka, pa Boma la Mzimba pamamveka mawu akuti, "Sukulu yakutiyakuti ana onse akhoza." Mawu ameneŵa ngokoma m'khutu, koma ayenera kuyesedwa bwino, pakuti amaŵerenga okhawo amene analemba mayeso. Sanena kanthu za anzawo amene anayamba nawo Sitandade 1, kapena za zaka zimene mwana anatha kuti afike pamenepo.

Mngoni wa kwa M'mbelwa sayamika mbusa chifukwa chakuti ng'ombe zimene zabwera madzulo nzokhuta. Iye amayamba waona ngati zakwana monga zinatulukira m'khola m'maŵa.

M'chaka cha 1994 boma linathetsa fizi m'sukulu za pulaimale, ndipo ana olembetsa anachuluka kuchokera pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kumeneko kunali kuloŵa, ndipo kunali koyenera kukondwera nako. Koma kutsiriza ndi nkhani ina. Mwana wa ku Embangweni kapena ku Jenda amakula ndi Chitumbuka, ndipo m'kalasi amapeza mabuku a Chichewa ndi Chingerezi. Akalephera kumva amabwereza, ndipo ulendo wa zaka 8 umatalika. Tsono akasinkhuka asanatsirize, mnyamata mtima umathamangira ku Joni kumene kuli akulu ake, mtsikana amayamba kufunsiridwa. Otereŵa sapezeka pakati pa olephera mayeso, popeza sanawalembe nkomwe, amangozimirira m'kaundula.

Chizoloŵezi chomwechi chingaloŵenso m'makoleji. Pa tsiku lopereka masatifiketi anthu amaŵerenga amene aimirira kutsogolo. Koma chiŵerengero chimenecho chimamveka pokhapokha chitaikidwa pambali pa cha amene analoŵa, pamodzi ndi nthaŵi imene anatha.

Chichewa sichisoŵa mawu osiyanitsa zinthu zimenezi. Cholakwa chili kwa wolankhula amene amasankha liwu lomukomera. Kotero mphunzitsi watsopano, akapatsidwa kalasi, asunge maina a gulu lake chaka ndi chaka, ndi kulemba amene apitirira, amene abwereza, ndi amene aleka pamodzi ndi zifukwa zake. Pochita lipoti kwa makolo atchule onse atatu. Lipoti lotere silikondweretsa msanga, koma limatuma munthu kukafuna mwana wosoŵayo nthaŵi ikadalipo.