Mlendo Wosamvetsera: Anthu a ku America Kunja kwa Dziko Lawo m'Mabuku Atatu

Alembi akhala akulemba za anthu a ku America oyenda m'maiko a eni kuyambira kalekale. Mu 1878 Henry James adatulutsa Daisy Miller, nkhani ya mtsikana amene adanyozera miyambo ya mu mzinda wa Rome mpaka adamwalira ndi malungo. Kuchokera nthawi imeneyo, mpangankhani wotere amabwerabwera m'mabuku: wamtima wabwino, wodzidalira, koma wosadziwa kumene waponda. M'nkhani ino ndiunika mabuku atatu ndi kuonetsa kuti vuto la apangankhani amenewa lagona pa kumvetsera. Ndifunsanso ngati alembi eni ake adamvetsera anthu a m'maiko omwe adawalemba.

Buku loyamba ndi The Quiet American la Graham Greene, mlembi wa ku Britain, lomwe lidatuluka mu 1955. Nkhaniyi ikuchitikira ku Vietnam pa nthawi ya nkhondo ya pakati pa Afalansa ndi gulu la Viet Minh. Alden Pyle ndi mnyamata wophunzira, waulemu, amene wafika ku Saigon atawerenga kale mabuku a katswiri wina za momwe dzikolo lingapulumukire. Iye akukhulupirira kuti pakufunika gulu lachitatu, losakhala la atsamunda kapena la chikomyunizimu, ndipo akulithandiza mwamseri. Zotsatira zake ndi bomba lomwe likupha anthu wamba pakati pa mzinda. Pyle adafika ndi yankho asadafunse kalikonse kwa eni dziko. Ngakhale mkazi amene akumufuna ukwati, Phuong, sangathe kucheza naye bwino popanda womasulira, ndipo amene akumasulira ndi Fowler, mtolankhani wa ku Britain yemwe akulimbirana naye mkazi yemweyo. Apa Greene akuonetsa munthu wofuna kupulumutsa dziko lomwe mawu ake sakuwamva. Komabe bukuli lili ndi chilema chake. Wofotokoza nkhani ndi Fowler, kotero Phuong timamuona ndi maso a amuna awiri akunja, ndipo za mumtima mwake sitizimva.

Barbara Kingsolver, mu The Poisonwood Bible (1998), akuika chiyankhulo patsogolo penipeni. Nathan Price, mbusa wa mpingo wa Baptist wochokera ku Georgia, akutenga mkazi wake ndi ana aakazi anayi kupita kumudzi wa Kilanga ku Congo mu 1959, kutatsala chaka chimodzi kuti dzikolo lilandire ufulu kuchoka kwa Abelijiyamu. Akuumirira kubatiza ana mumtsinje osadziwa kuti anthu akuukana chifukwa ng'ona idagwirako mwana. Polalikira amagwiritsa ntchito liwu lina la Chikongo lomwe limatanthauza chinthu chamtengo wapatali, koma katchulidwe kake kamalisandutsa dzina la mtengo wina woyabwa kwambiri. Wophunzira Chichewa sangadabwe nazo zimenezi. M'chiyankhulo chathu liwu loti "mtengo" limatanthauza chomera kapena ndalama zogulira chinthu, ndipo "khungu" limatanthauza chikopa cha munthu kapena kusaona, malinga ndi kukweza kapena kutsitsa kwa mawu. Kulakwitsa kotere aliyense amakuchita akamaphunzira. Tchimo la Nathan ndi lakuti safuna kukonzedwa, monga muja akuluakulu adanenera kuti safunsa adadya phula.

Luso la Kingsolver lili pa kusankha ofotokoza nkhani. Nathan, amene amalankhula kwambiri m'banjamo, sapatsidwa mpata wofotokoza ngakhale mutu umodzi. Nkhani yonse timaimva kwa mkazi wake Orleanna ndi ana ake, omwe adaphunzira zambiri poonerera ndi kusewera ndi ana a m'mudzimo. Ngakhale zili choncho, ofotokoza onse asanu ndi a ku America. Anatole, mphunzitsi amene amamasulira maulaliki a Nathan ndipo amadziwa bwino mbali zonse ziwiri, timamumva kudzera mwa ena basi.

Buku lachitatu limatikhudza ife mwachindunji. Paul Theroux adaphunzitsapo ku Malawi ngati wa Peace Corps kuyambira 1963 mpaka adathamangitsidwa m'dzikomo mu 1965. Mu The Lower River (2012) akufotokoza za Ellis Hock, mwini sitolo ya zovala ku Massachusetts, amene banja lake litatha akubwerera kumudzi wa Malabo kuchigwa cha Shire komwe adaphunzitsa ali mnyamata. Akupeza sukulu yomwe adathandiza kumanga itasanduka bwinja, ndipo anthu akumusunga ngati mkaidi kuti amudyere ndalama. Hock akusiyana ndi Pyle ndi Nathan chifukwa chiyankhulo cha kumaloko amachidziwa. Nanga bwanji nayenso akugwa m'mavuto? Yankho langa ndi lakuti iye akumvetsera mudzi wa m'chikumbukiro chake. Adabwera kudzafuna unyamata wake, ndipo sadadzifunse kuti anthuwa adadutsa m'zotani pa zaka pafupifupi 40 zomwe iye kunalibe.

Theroux akudzudzula bwino lomwe chithandizo chimene chimazoloweretsa anthu kupempha. Koma wowerenga wa ku Malawi aona kuti anthu ambiri a ku Malabo ajambulidwa ngati adyera ndi achinyengo, ndipo ochepa abwino, monga mtsikana Zizi, ubwino wawo ukuyezedwa ndi momwe akutumikirira mlendoyo. Mudzi wonse wasanduka galasi loti munthu mmodzi wa ku America adzionerepo ukalamba wake. Mwa mabuku atatuwa, ili ndi limene mwininkhani wake amadziwa kwambiri chiyankhulo, komanso ndi limene lapereka ulemu wochepa kwa eni chiyankhulocho.

Tikaika mabukuwa pamodzi, tiona kuti Daisy Miller adalipira yekha kusadziwa kwake, pamene m'mabuku atatuwa eni dziko nawonso akulipira: ena ndi moyo wawo, ena ndi mbiri yawo. Alembi onse atatu akuona vuto la mlendo wosamvetsera, koma palibe amene wapereka nkhani m'manja mwa Phuong, Anatole kapena Zizi.

Aphunzitsi a ziyankhulo za mu Africa angagwiritse ntchito mpata umenewu. Ophunzira ambiri m'makalasi athu akukonzekera ulendo wonga wa apangankhaniwa. Ntchito imodzi yothandiza ndi kuwapatsa gawo la The Lower River kuti alilembenso m'Chichewa, wofotokoza nkhani akhale Zizi kapena mfumu ya mudziwo. Kuti aikwanitse, wophunzira ayenera kufunsa kuti munthu wa ku Malabo amamuona bwanji mzungu wobwerera ndi chikwama cha ndalama, ndiponso kuti angasankhe mawu ati pomulonjera.