Pumbwa wa pa papaya uja, ndi zithunzi zina zomwe tikuika muno

Anzanga a m'gulu lino, sabata ino ndisiye kaye ndakatulo, ndikambe za zithunzi. Mwaona nokha kuti masiku ano ambiri tikamaika ndakatulo muno tikumaiperekeza ndi chithunzi cha mbalame, gulugufe kapena buluzi chomwe tajambula tokha pakhomo. Bola zimenezo kusiyana ndi kukatola pa intaneti mbalame za ku Ulaya zomwe sitinazionepo n'kamodzi komwe. Koma poti chithunzi nachonso chimayankhula, tiyeni tichiunike momwe timaunikirana ndakatulo, mosanyengererana.

Ndiyambe ndi chomwe chinandigwira mtima. Mnzathu wina anaika pumbwa akujompha papaya lakupsa kuseri kwa nyumba. Kumbuyo kwake kukuoneka chingwe choyanikapo zovala, chitenje chimodzi, ndi ngodya ya khola la nkhuku. Ena mwa inu munadandaula kuti kumbuyoko kwachuluka zinthu, akanazifufuta kuti mbalame itsale yokha ngati za pa kalendala. Ine ndikukana. Chitenje chija ndicho chikutiuza komwe pumbwa amakhala: pakati pathu pompano, pomwe amayi amamupirikitsa tsiku ndi tsiku chifukwa chowathera tsabola. Mukachotsa chingwe chija mwatsala ndi mbalame yopanda kwawo. Ndiye kachiyang'aneninso bwino. Mutu wakuda uja wapendekeka, nthenga zachikasu za kunsi kwa mchira zikuonekera, kukamwa kuli kachidutswa ka papaya. Umenewo si mwayi chabe ayi. Munthuyu anakhala pansi n'kudikira mpaka mbalame inamuiwala.

Zithunzi zina zambiri vuto lake ndi phuma. Munthu waona kambalame patali, wakoka zoom mpaka pothera, wadina. Chomwe chatuluka ndi phala lobiriwira, pakati pake pali kadontho kakuda. Tikafunsa, yankho lake n'lakuti "foni yanga ndi yotchipa". Aaa, tisanamizire foni. Pa mafoni ambiri zoom imangokulitsa pakati pa chithunzi, siwonjezera kanthu. Chofunika n'chakuti mbalameyo ibwere pafupi. Ikani phale la madzi pansi pa mtengo m'chilimwe muno, mukhale chete m'mawa dzuwa lili kumbuyo kwanu, foni muitsitse ifanane msinkhu ndi mbalameyo. Masiku awiri atatu, mpheta zizolowera. Ndipo muonetsetse diso. Diso likapanda kuoneka bwino, ngakhale nthenga zitawala chotani, mbalameyo imaoneka ngati chidole.

Koma phuma n'lokhululukika. Chomwe sindingachikhululukire ndi zithunzi za mbalame ili m'manja. Mwezi wathawu ndinaona china: kambalame kali pa chikhatho, nthenga za m'mapiko zitamatirirana, zoonekeratu kuti kagwidwa ndi ulimbo. Pansi pake ndakatulo ya ufulu, eti! Ambiri tinakula ndi legeni m'khosi, ine ndemwe, ndiye sindikudziyesa woyera. Komatu wojambula akagwira mbalame kuti imuimire, watinamiza, chimodzimodzi wolemba wokakamiza mtengambali wake kulankhula zomwe sakanalankhula. N'chimodzimodzinso inu amene mumakanula nthambi kuti mazira a m'chisa aoneke bwino. Mukachoka pamenepo khwangwala ndi mphaka mwawalozera njira. Ife tikamadina "like" madzulo, chisa chija n'kutheka chatsala chopanda kanthu.

Tsono ndifike pomwe pakundiwawa monga wolemba. Mawu omwe tikulemba pansi pa zithunzizi ndi aulesi. "Mbalame yokongola." "Chilengedwe cha Mulungu." Basi. Mbalame yanji? Buku la The Birds of Malawi lomwe Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett anatulutsa mu 2006 lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650 ya m'dziko muno, ife alembi athunthu tonse tikungoti "mbalame". Ena mwachenjera, mukumafunsa Merlin, pulogalamu ya pafoni ija, n'kukopera dzina la Chingerezi. Sikulakwa, imathandiza ndithu. Koma Merlin sangakuuzeni chifukwa chomwe agogo ankatiletsera kugenda nantchengwa kapena kuphwasula chimchisa chake chija, ngakhalenso chifukwa chomwe mudzi umakhalira zii kadzidzi akalira padenga. Dzina lathu limabwera ndi katundu wake, ndipo katunduyo ndiye chuma cha ndakatulo. Mukalemba kuti namzeze, wowerenga waona kale chisa chamatope pakhonde la sukulu. Mukati njiwa, wamva kale kulira kwake masana dzuwa lili phwee.

Taganizani za Jack Mapanje. Anamutsekera ku Mikuyu popanda kumuzenga mlandu kuyambira 1987 mpaka 1991, ndipo buku lomwe anatulutsa mu 1993 analitcha The Chattering Wagtails of Mikuyu Prison. Sanapite kukabwereka nkhwazi ya pa chizindikiro cha boma. Anatenga timbalame tomwe tinali pamutu pake m'ndendemo, taphokoso, tomagwetsera akaidi zitosi, n'kutitchula dzina. Buku lake loyamba la mu 1981 nalonso lili ndi bilimankhwe pa mutu wake penipeni. Inde analemba m'Chingerezi, koma maso ake anali pa tinthu ta pafupi tomwe ena amangotidutsa. Paja akuluakulu anati mbalame ikatera pa uta siilasika. Za pakhomo zimativuta kuziona chifukwa chakuti zayandikitsa.

Wina anena kuti ili ndi gulu la zolembalemba, za makamera zikutikhudza pati? Zikutikhudza, chifukwa amene akulephera kudikira pumbwa theka la ola ndi yemweyo amathamangira kumaliza ndakatulo asanaone bwino chomwe akulemba. Ndawerenga ndakatulo za omwe ndawadzudzula pamwambapa. Phuma lake ndi lomwelo.

Inu munaika gulo wa mutu wobiriwira pa mtengo wa mango Lachitatu lija, chithunzi chanu chinapendama pang'ono ndipo mchira unaduka, koma munamugwira akugwedeza mutu, nthawi yake yeniyeni. Mwangolakwitsa polemba kuti "buluzi". Kafunseni akuluakulu kwanuko dzina lomwe amamutchula, mudzatiuze mu ndemanga.